Injini ikadali pansi, musathamangire kuikweza

Malume anga amapikula tomato ndi mbatata ya kachewere ku Lizulu ndi ku Tsangano n'kukagulitsa kwa amayi a m'misika ya mu Blantyre. Ntchitoyi amaigwira ndi ka Dyna ka tani imodzi ndi theka, kotopa ndithu koma kamene kaphunzitsa ana anayi. Chaka chatha injini yake idanoka. Poopa kuti makasitomala awathawa, adatapa pa mpamba, akazi awo n'kukakongola ina ku banki m'khonde, ndipo adagula injini yakale yochokera ku Japan. Adaigula Lachiwiri, pofika Lachinayi madzulo galimoto idali italira kale. Tonse pabanja tidawatama amakaniko aja kuti ndi achangu.

Patatha milungu itatu, akuchokera ku Ntcheu atadzaza madengu, adawoloka mlatho wa Shire pa Zalewa n'kuyamba chitunda cholowera ku Blantyre. Injini idayamba kulira kwambiri koma galimoto osathamanga, kenako m'kati mudadzaza fungo la chinthu chopserera. Kilatchi idali itasiya kugwira. Tomato sadikira munthu, choncho adachita hayala lole ina, adalipira anyamata osamutsa katundu, ndipo madengu apansi adafika ku Limbe ali phala. Mawa lake amakaniko atatsitsa giyabokosi adapeza kilatchi yonse itanyowa ndi oyilo. Chimadontha chidali kamphira kozungulira kokhala kumbuyo kwa injini, kamene amakaniko amakatchula kuti rear oil seal. Mtengo wake sufika ngakhale wa madengu awiri a tomato. Tsiku lija injini idali italendewera pa chain block pansi pa mtengo wa mango, kukasintha sikukadatha ngakhale ola limodzi.

Nkhani yathu sabata ino ndi ya masiku awiri kapena atatu a pakati pa kugula injini ndi kuikweza m'galimoto. Ambirife timawaona ngati masiku otayika, poti galimoto ili chiimire pomwe anzathu akupha makwacha. Koma ndi nthawi yokhayo imene injini imafikirika mbali zonse, komanso ndalama yotsitsira ndi kukwezera mwawapatsa kale amakaniko. Chimene chisinthidwe tsiku limenelo mumangolipira mtengo wa chipangizocho basi. Chikadzafa injini ili m'kati, mulipira chipangizocho, amakaniko kachiwiri, galimoto yodzakukokani, kuwonjezera apo katundu woonongeka ndi makasitomala amene akagula kwa wina.

Mainjini akale amene amagulitsidwa m'matauni mwathu ambiri amachokera ku Japan, ena ku South Africa, ndipo amadzera pa madoko monga Dar es Salaam ndi Durban. Ena amabwera okha m'makontena, ena amabwera akadali m'mutu wa galimoto yodulidwa pakati, ija amati half cut. Ya half cut ili ndi ubwino wake: geji ya makilomita imakhala ilipo, mawaya ndi radiator zimakhalanso pomwepo. Injini yobwera yokha ilibe mbiri. Wogulitsa adzakuuzani kuti yayenda pang'ono, ndipo mwina sakunama dala, kungoti iyenso adaigula itatsitsidwa kale ndipo sadaione ikuyenda. Ngakhale idayendadi pang'ono, mainjini amene timakonda kuno, monga 3L, 5L ndi 14B a Toyota, TD27 ya Nissan, 4D33 ya Canter ndi 4HF1 ya Isuzu, ambiri ndi a zaka za m'ma 1990. Chitsulo chimaperepeseka ndi makilomita, koma mphira umauma ndi zaka, kaya galimoto ikuyenda kaya ayi. Injini yomwe yakhala miyezi pa yadi ku Japan, milungu m'kontena panyanja, kenako miyezi ina pa shopu kuno, ikhoza kukhala ndi mapisitoni abwino kwinaku mphira wake wonse utatha ntchito.

Komanso tisaiwale nyengo imene tili. Kuyambira pomwe kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chidakwera, ndipo wamalonda wamng'ono amene wagula injini imodzi alibe kotenga ndalama yogulira yachiwiri.

Musanatulutse ndalama

Pokagula pitani ndi amakaniko anu, amene adzaikweze injiniyo ndipo mudzawapeza ikavuta. Amakaniko okupezerani wogulitsa nthawi zina amakhala ndi kangachepe kawo pa malondawo. Mukafika, yambani mwaigwira injini ndi dzanja. Ngati ili yofunda, ndiye kuti ailiza inu musanafike, ndipo injini yotopa imalira msanga ikafunda. Inu mukufuna kuiona ikulira ili yozizira, ngati mmene idzalirire m'mamawa wa mu June ku Dedza.

Asanailize, amakaniko aike sipanala pa bawuti la pulley ya kutsogolo n'kuizunguza kawiri. Iyenera kuzungulira molimba ndi mofewa mosinthana, popanda pena pokakamira. Atsegule chotsekera oyilo: pansi pake pakakhala zoyera ngati chambiko, madzi akhala akulowa mu oyilo. Ngati wogulitsa alola, atsegulenso chivindikiro cha pamwamba. Chitsulo chooneka chofiirira pang'ono ndi cha injini imene imasinthidwa oyilo pa nthawi yake. Matope akuda okhuthala ngati phula ndi umboni woti mwini wake woyamba amaumira, ndipo matope omwewo ali m'tinjira ta oyilo timene simungatione. Musanyengeke ndi kuwala kwa kunja. Injini yotsukidwa bwino kwambiri kapena yopoperedwa penti yabisa malo amene imadontha.

Ogulitsa ambiri amailiza injini itakhala pa tayala, ndi batire ndi dizilo wa m'botolo, popanda madzi. Zimenezi zingachitike kwa kanthawi kochepa chabe, ndipo zimangokuuzani kuti ikulira. Sizikuuzani ngati imasunga madzi kapena ngati idzakoka katundu pachitunda. M'masekondi ochepawo yang'anani utsi. Wabuluu ndi oyilo akupsa. Woyera wosatha ndi dizilo wosapsa bwino kapena madzi. Mutsegulenso chotsekera oyilo chija ikulira: ngati pakutuluka mpweya wofwenthera ngati wa sitima, ma ring atha.

Chimene chimanena zoona kuposa khutu ndi geji ya compression, imene imayeza mphamvu ya mpweya m'silinda iliyonse podzera pa mabowo a ma heater plug kapena a manozo. Iyenera kukhala geji ya dizilo, chifukwa ya petulo siifika manambala ake. Pa 3L ndi 5L, buku la Toyota limati injini yabwino imafika 32 kg/cm², isatsike kupyola 20, ndipo masilinda asasiyane ndi kupitirira 5. Kusiyanako ndiko kofunika kwambiri kukuyang'ana. Masilinda atatu akakhala pamwamba, imodzi ili pansi, isiyeni injiniyo ngakhale akuchotsereni mtengo. Galaja imene ili ndi gejiyi imalipiritsa, koma ndi ndalama yaing'ono kwambiri pa zonse zimene mutulutse sabata imeneyo.

Kenako nkhani ya gerenti. Ogulitsa ambiri amapereka masiku owerengeka oti mubweze injini ikapezeka ndi vuto, ndipo apa pali msampha umene ambiri sauona. Masikuwo amayamba liti, tsiku logula kapena tsiku loiliza m'galimoto? Nanga mukatsegula sampu kapena kusintha lamba, gerenti ikhalapobe? Ena amapaka penti pa mabawuti kuti adzadziwe ngati mwamasula. Mugwirizane zonsezi musanalipire, zilembedwe pa lisiti pamodzi ndi nambala ya injini, dzina la shopu ndi tsiku. Zipangizo zosinthira muzifufuziretu mitengo ndi kumene zili, kuti masiku a gerenti asathere m'kuyendayenda m'mashopu.

Kumbuyo, kumene dzanja silidzafikanso

Injini ikafika pa galaja, ntchito iyambire kumbuyo, chifukwa mbali imeneyi ikakumana ndi giyabokosi yatsekeka. Malole ambiri a matani awiri kapena atatu mutu wake umapendekeka, ndiye m'mbali mwa injini mumafikirika ndithu. Timagalimoto ting'onoting'ono monga Bongo, Hiace ndi ma Dyna ena injini ili pansi pa mpando, moti ngakhale m'mbali ndi movuta. Koma pa onsewa, kumbuyo kumafuna kumasula propshaft ndi kutsitsa giyabokosi, ntchito ya tsiku lathunthu.

Choyamba ndi kamphira kadawagwetsa malume kaja. Kamakhala kuseri kwa flywheel, kuzungulira nsonga ya crankshaft, ndipo ntchito yake ndi kutsekereza oyilo kuti asatulukire kumene kuli kilatchi. Musafunse ngati kakudontha. Kasintheni basi, ndipo mugule kabwino ka kampani yodziwika monga NOK kapena kenikeni ka kampani yopanga galimotoyo. Amakaniko apapase pamene kamphirako kamakhudza chitsulo: ngati padyeka mzere wozama woti chikhadabo n'kukodwa, katsopano kakhazikidwe mosuntha pang'ono kuti kasagwere mumzere womwewo. Akapake oyilo pang'ono asanakalowetse, ndipo akalowetse mowongoka, osati kukakhoma ndi sikuludiraiva mbali imodzi. Moyang'anana nako, pa giyabokosi, palinso kamphira kena pa shafti yolowa mu kilatchi. Nakonso kakadontha kamanyowetsa kilatchi yomweyo.

Pakati pa flywheel pali ka bearing kakang'ono kogwira nsonga ya shafti ya giyabokosi, ndipo pa giyabokosi pali release bearing imene imakankha kilatchi mukaponda. Tonse tiwiri ndi totsika mtengo, ndipo tonse timalira ngati mbalame tikatha. Tisinthidwe. Kilatchi yeniyeniyo muione ndi maso anu. Ngati mbale yake yadyeka mpaka kuyandikira misomali yake, kapena flywheel ili ndi mawanga abuluu ndi ming'alu ing'onoing'ono ya kutentha, musalole kuti ibwereremo pongofuna kupulumutsa ndalama lero. Galimoto ya wamalonda imanyamuka ili yolemedwa tsiku lililonse, nthawi zambiri kupyola muyeso, tisanamizane, ndipo kilatchi ndi imene imamva ululu wake. Mabawuti a flywheel amangidwe ndi torque wrench, sipanala ija imalira ikafika pa mlingo. Amakaniko amene alibe akabwereke.

Chinanso chimene anthu ambiri sachidziwa ndi timbale tachitsulo tozungulira tokhomedwa m'thupi la injini, timene amati ma welch plug. Kuseri kwa timbaleti kuli madzi. Timachita dzimbiri kuchokera m'kati, moti kunja tikhoza kuoneka bwino pomwe tatsala ngati pepala. Kamodzi kakabooka, madzi onse amathera mumsewu, ndipo dalaivala akachedwa kuona geji, mutu wa injini umapindika kapena kung'aluka. Amakaniko atikande ndi kutigogoda tonse. Pakaoneka kamzere ka dzimbiri kotsikira pansi, kapena madzi otsala m'injini akatuluka ofiira ngati a m'dambo, tisinthidwe tonse, makamaka ta kumbuyo ndi tobisika pansi pa manifold. Pa zipangizo zonse za m'nkhani ino, timeneti ndiye totsika mtengo kwambiri.

Kenako sampu, chibeseni cha oyilo cha pansi chija. Itsitsidwe, itsukidwe, ndipo muyang'ane zimene zakhazikika pansi pake. Tizitsulo tonyezimira ngati golide kapena siliva ndi ma bearing akutha, ndipo mukationa bwererani kwa wogulitsa tsiku lomwelo musanagule china chilichonse. Kasefa kamene pampu imayamwira oyilo katsukidwe mpaka kuwala kudutse. Pobwezera, amakaniko asachulutse silikoni. Wotsala amafinyikira m'kati, amaduka, n'kukatseka kasefa komweko, ndipo injini yabwinobwino imanoka chifukwa cha silikoni wa ndalama zochepa.

Apa mpamene mudzaonenso chifukwa chake simuyenera kugulitsa injini yakale msanga. Anyamata ogula zitsulo amafika tsiku lomwelo ndi ndalama m'manja, ndipo inu muli pa usiwa. Dikirani. Injini ya 5L yochokera mu Hiace ndi ya mu Hilux kapena Dyna ndi imodzi m'kati, koma sampu, paipi yoyamwira oyilo, miyendo yokhalira, manifold ndi malo a fyuluta zikhoza kusiyana. Zonsezi mudzazichotsa pa yakale. Tizipangizo touza geji ya kutentha ndi nyali ya oyilo ndi bwinonso kugwiritsa ntchito togwirizana ndi galimoto yanu, kuti geji isamakunamizeni.

Lamba, madzi ndi magetsi

Kutsogolo funso loyamba ndi lakuti injini yanu ili ndi timing belt kapena ayi. Mainjini a 2L, 3L ndi 5L, komanso 4D56 ya Mitsubishi ndi R2 ya Bongo, ali ndi lamba wa mphira wa mano amene amagwirizanitsa mapisitoni ndi mavalavu. Pa mainjini a L aja, lambayu amasinthidwa pa makilomita 100,000 alionse. Inu simukudziwa kuti amene alipoyo wayenda angati, ndipo sachenjeza. Akaduka injini ikuyenda, mapisitoni amawomba mavalavu, ndipo ndalama yokonzera imayandikira ya injini ina. Asinthidwe pamodzi ndi timawilo take tomukoka ndi timphira ta oyilo ta kuseri kwake, popeza oyilo akadonthera pa lamba watsopano amamufewetsa. Koma TD27, QD32, 14B, 4D33 ndi 4HF1 zimayendera magiya achitsulo ndipo zilibe lamba ameneyu. Mukaona timing belt pa mndandanda wa zogula za injini yotere, afunseni amakaniko kuti akaiika pati.

Lamba wabodza ndi woopsa kuposa wakale weniweni. Mayina monga Gates ndi Mitsuboshi pa malamba, Aisin ndi Exedy pa kilatchi, GUD pa mafyuluta ndi odalirika, koma makatoni awo amakoperedwanso. Mtengo ukatsika modabwitsa poyerekeza ndi mashopu ena awiri, dziwani kuti pali chifukwa. Inu amene mumagulitsa pamsika mukudziwa bwino kuti palibe amagulitsa motsika kuposa mmene adaodera. Kagureni nokha kapena mupite limodzi ndi amakaniko, ndipo zakale zonse zimene zachotsedwa azikupatsani m'manja.

Poti kutsogolo kwatseguka kale, water pump igwedezedwe. Ikamasewera, ikamalira poizunguza, kapena pa kabowo kake kapansi pakaoneka zoyera zouma, ichoke. Ineyo ndingaisinthe ngakhale ikuoneka bwino.

Pa thermostat ndisiyana maganizo ndi amakaniko ambiri a kuno. Chizolowezi chathu ndi kuichotsa n'kuitaya, ati kuno n'kotentha, idapangidwira mayiko a chisanu. Koma ntchito yake ndi kusunga injini pa kutentha kumene idapangidwira. Injini ya dizilo yoyenda yozizira imamwa mafuta ambiri, imadetsa oyilo msanga ndipo imadya masilinda. Pa mainjini ena, thermostat imatsekanso kanjira kachidule ka madzi, moti mukaichotsa madzi ena amangozungulira m'injini osapita ku radiator, n'kuwira pa chitunda chomwe mumaopacho. Kuiyesa n'kosavuta. Iikeni m'poto wa madzi pa mbaula: iyenera kutseguka madzi asanabwate, pa nambala yolembedwa pa thupi lake, imene nthawi zambiri imakhala 82, ndipo itsekeke ikazizira. Ikakanika gulani ina. Injini ikamawira thermostat ili yabwino, vuto lili kwina.

Za magetsi zimagwetsa anthu pa tsiku lokweza. Malole ambiri a matani awiri kapena atatu ochokera ku Japan ndi a 24V, a mabatire awiri, pomwe ma pickup ndi a 12V. Sitata, alternator, ma heater plug ndi ka solenoid kozimitsa injini pa pampu ya dizilo, zonse ziyenera kugwirizana ndi galimoto yanu. Onetsetsaninso kuti simukugula injini ya kompyuta mosadziwa. 5L ndi 5L-E zimaoneka zofanana, koma yachiwiriyo pampu yake imalamulidwa ndi kabokosi ka kompyuta, ndipo popanda kabokosiko ndi mawaya ake siilira. Pa mainjini ambiri ang'onoang'ono a dizilo, kuseri kwa alternator kuli kapampu kamene kamapereka mphamvu ku mabuleki. Timapaipi take ta oyilo ndi ta mpweya tikhale tatsopano. Palibe amene akufuna kuzindikira kuti buleki yauma ali pakati pa Chiweta kapena akutsika ku Chikwawa.

Manozo atumizidwe kwa okonza mapampu a dizilo akayesedwe pa makina, ndipo abwerere ndi mawashala atsopano a kopa. Nozo yodontha imatulutsa utsi, imamwa dizilo, ndipo ikhoza kuboola pisitoni. Mipata ya mavalavu iyezedwenso injini ikadali pansi.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikupemphani kuti zisakhudzidwe ngati compression ili bwino ndipo mu oyilo mulibe madzi: mutu wa injini ndi pampu ya dizilo. Amakaniko ena amafuna kutsegula mutu pongofuna kuona m'kati. Gasiketi imene idamangidwa ku fakitale n'kukhala zaka zonsezi osavuta ndi yabwino kuposa iliyonse imene mugule pa shopu n'kumangidwa pabwalo pa fumbi. Pampu nayo, anthu amakonda kuipotokola kuti galimoto ikhale ndi mphamvu, zotsatira zake ndi utsi wakuda ndi injini yotentha.

Chidapha injini yakale chikadali m'galimoto

Funso limene malume sadafunse, ndipo ambiri safunsa, ndi lakuti injini yoyamba ija idafa ndi chiyani. Nthawi zambiri siimafa yokha. Ngati idawira, radiator imene idaiwiritsa ikadali pomwepo, yodzaza ndi dzimbiri ndi mchere wa madzi a pa mjigo, kudikirira yatsopano. Ipite kwa okonza ma radiator akaitsegule ndi kutsuka timipope take, osati kungoithira madzi ndi paipi. Chotsekera chake chisinthidwe, chifukwa chikafooka madzi amabwata msanga. Mapaipi a mphira ofewa kapena otupa achoke. Fani ija yokhala ndi kilatchi yake iyesedwe ngati ikugwira injini ikatentha. Pothira madzi, sakanizani ndi coolant monga mwa malangizo a pa botolo, ndipo madziwo akhale a mvula osefedwa kapena a m'botolo othira m'batire. Coolant si wa mayiko ozizira okha. Ndi amene amateteza timbale tija ndi water pump ku dzimbiri.

Ngati yakale idatha ma ring msanga n'kumafuka utsi, yang'anani njira ya mpweya. Paipi yochokera ku air cleaner ikang'ambika ngakhale pang'ono, fumbi la misewu ya ku Tsangano limalowa osasefedwa n'kumapala masilinda ngati sandipepa. Ngati idavuta pampu ndi manozo, thanki itsitsidwe ndi kutsukidwa. Nthawi imene mafuta amasowa ambirife tidathirapo dizilo wa m'zigubu, ndipo madzi ndi zinyalala zake zimakhazikika pansi pa thanki. Ngati idanoka, chilichonse chodutsa oyilo chimene mukuchotsa pa yakale kupita pa yatsopano, kaya sampu, kaya oil cooler, chili ndi tizitsulo m'kati ndipo chitsukidwe kawiri. Miyendo ya mphira yokhalira injini nayo muione, poti kuisintha pa nthawiyi n'kungomasula mabawuti awiri.

Ndikudziwa kuti wina akuwerenga akuti zonsezi ndi ndalama, ndipo ya injini yomwe ndi yokongola. Maganizo anga ndi akuti pokonza bajeti, pa K100 iliyonse ya injini muikepo K20 kapena K25 ina ya zipangizo ndi mafuta, ndipo ngati sizikukwana ndi bwino galimoto iime sabata ina kusiyana ndi kukweza injini yosakonzedwa. Zikavutitsitsa, tsatirani kuvuta kwa kufikira. Za kumbuyo zonse, timbale ta madzi, lamba wa timing ndi radiator zisadikire. Manozo, ma heater plug, malamba a fani ndi alternator zikhoza kuchitika mwezi wamawa galimoto ili panja pa nyumba, popanda kutsitsa kanthu.

Tsiku loiliza koyamba, musalole kuti angotembenuza kiyi. Injini yakhala miyezi yopanda oyilo m'mitsempha yake. Athire oyilo watsopano ndi fyuluta yatsopano, achotse waya wa ka solenoid kaja kuti isalire, n'kuizunguza ndi sitata pang'onopang'ono, mopumira, mpaka nyali ya oyilo izime. Akatero abwezere waya, apope dizilo kuchotsa mpweya, ndiye ailize. Nyali ya oyilo ikapanda kuzima m'masekondi ochepa, izimitsidwe nthawi yomweyo. Ilire ili chiimire mpaka itenthe, madzi akuwonjezeredwa pamene mpweya ukutuluka, wina atagona pansi ndi tochi. Usiku umenewo yalani katoni pansi pake, makamaka pamene injini yakumana ndi giyabokosi, ndipo m'mawa muione musanayende.

Ulendo woyamba usakhale wa ku Jenda ndi matumba odzaza mpaka pamwamba. Yendani pafupi ndi katundu wa theka, pezani chitunda chimodzi chodziwika, diso lili pa geji ya kutentha, zonsezi masiku a gerenti asanathe. Oyilo woyambayu musamusunge. Pakati pa makilomita 500 ndi 1,000 mukhetseni pamodzi ndi fyuluta, chifukwa amakhala atatsuka zonse zimene zidauma m'kati, kenako muzisintha pa makilomita 5,000 alionse. Lembani m'kabuku ka malonda komwe kaja tsiku ndi makilomita amene lamba wa timing waikidwa, chifukwa pakatha zaka ziwiri palibe adzakumbukire.

Chotsala ndi mapepala. Nambala ya injini idalembedwa mu blue book, ndipo mukasintha injini zolembedwazo sizikugwirizananso ndi galimoto. Tengani lisiti lija, ndi mapepala a kasitomu ngati wogulitsa ali nawo, mupite ku Road Traffic akasinthe nambala, ndipo a inshulansi muwadziwitse. Mukazengereza, nkhaniyi idzakupezani pa COF kapena tsiku logulitsa galimoto. Injini imene nambala yake yapalidwa kapena kukhomedwanso musaigule pa mtengo ulionse, chifukwa ikapezeka kuti ndi yobedwa apolisi adzaitenga ndipo ndalama yanu simudzaionanso.

Malume adalipira amakaniko kachiwiri, adagula kilatchi yatsopano m'malo mwa ija idanyowa, ndipo ulendo uno adakhala pa galaja tsiku lonse atakhalira chigubu, kuonerera timbale ta madzi tikukhomedwa kamodzikamodzi. Kamodzi ka kumbuyo kadabooka ndi sikuludiraiva pongokagogoda. Ka Dyna kakuyendabe pakati pa Ntcheu ndi Limbe kawiri pa sabata. Ngongole ya ku banki m'khonde adamaliza kubweza patapyola miyezi iwiri pa nthawi imene adagwirizana, ndi chiwongoladzanja chake.